Mthunzi ndi Chithunzi: Mbiri ya Jometiri ya Mithunzi ndi Ana a m'Makomboni a Lusaka

1.0 Mawu Otsogolera

M'zaka za m'ma 1960 akatswiri ena a masamu ku Ulaya ndi ku America adali ndi chikhulupiriro chakuti mwana wa ku pulayimale angathe kulawa nthambi ya masamu imene kale inkaphunzitsidwa m'masukulu aukachenjede okha. Pa Chingerezi nthambiyi amaitcha projective geometry. M'nkhani ino tiitcha jometiri ya mithunzi, ndipo chifukwa chake chidziwika tikamapitirira. M'zaka zomwezo mu Lusaka mudali akatswiri ena, a maphunziro a kaganizidwe ka munthu, amene ankafufuza ngati mwana wa mu Africa amatha kuzindikira chapafupi ndi chapatali akayang'ana chithunzi cha papepala. Nkhani ziwirizi kawirikawiri zimakambidwa payokhapayokha, ina ndi aphunzitsi a masamu, ina ndi akatswiri a kaganizidwe. Ife tiziika pamodzi chifukwa zonse zikukamba za luso limodzi, ndipo zonse zikathera pa funso la chiyankhulo.

Maso athu ali pa Chainda, komboni ya kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, kufupi ndi Avondale ndi Chelstone. Chainda ili m'dera la phungu la Munali, limodzi ndi Mtendere, Kalingalinga ndiponso Yunivesite ya Zambia. Ana a m'dera limeneli amasewera m'Chinyanja cha m'tauni, ndipo kafukufuku amene tikambe pano adachitidwa pa ana onga iwowa ndi akatswiri amene ankagwira ntchito chapafupi pomwepo.

Mfundo yathu ndi iyi: pamene jometiri ya mithunzi inkayesedwa m'makalasi a ana aang'ono kunja, mayeso a papepala adapereka chithunzi chakuti ana a kuno alibe maziko ake. Kafukufuku wa mu Lusaka momwemo adaonetsa kuti mazikowo alipo. Chimene chinkawabisa ndi chipangizo chimene mwana ankapatsidwa, ndipo ife tikuwonjezapo kuti chiyankhulo chophunzitsira nachonso ndi chipangizo.

2.0 Jometiri ya Mithunzi ndi Chiyambi Chake

Jometiri imene ambiri tidaphunzira ndi ya Euclid, Mgiriki amene adalemba ku Alexandria cha m'ma 300 Yesu asadabadwe. Imeneyo imasamala za miyeso: kutalika kwa mzere, kukula kwa ngodya, kufanana kwa mbali. Jometiri ya mithunzi imafunsa funso lina. Chinthu chikaponya mthunzi pakhoma, kapena chikajambulidwa monga momwe diso likuchionera, n'chiyani chimasintha ndipo n'chiyani chimatsala?

Tiyerekeze ndi waya wopindidwa kukhala sikweya. Tikaugwira padzuwa n'kumaupendeketsa, mthunzi wake pansi umatalika kapena kufupika, ngodya zake zimatseguka kapena kupanikizika, koma mbali zoyang'anizana zimayenderanabe osakumana, ngati njanji. Tikalowa nawo m'nyumba usiku n'kuuika patsogolo pa kandulo, zinthu zimasinthanso: mbali zimene zinkayenderana tsopano zikhoza kuyamba kuyandikirana, ngati kuti zikakumana patsogolo. Kusiyanaku kumadza chifukwa dzuwa lili kutali kwambiri kotero kuti kuwala kwake kumafika m'mizere yoyenderana, pamene kuwala kwa kandulo kumamwazika kuchokera pamalo amodzi. Komabe pali zimene sizisintha. Mzere wowongoka umaponya mthunzi wowongoka. Kadontho kamene kali pa mzere mthunzi wake umagwera pa mthunzi wa mzerewo. Mizere itatu yokumana pamodzi mithunzi yake imakumananso pamodzi. Zotsalazi ndizo chuma cha jometiri ya mithunzi. Diso nalo limagwira ntchito ngati kandulo uja, kungoti kuwala kumalowa m'malo motuluka. N'chifukwa chake msewu wa Great East Road umaoneka wopanikizika chapatali, ndipo kukamwa kwa ndowa, kumene n'kozungulira, kumaoneka kowulungika ngati dzira tikakuonera chammbali.

Oyamba kulemba malamulo a zimenezi adali amisiri ojambula ndi omanga a ku Italy. Mu 1435 Leon Battista Alberti adalongosola kajambulidwe ka zinthu monga momwe zimaonekera pa zenera. Mu 1639 Girard Desargues, mmisiri wa ku Lyon, adasandutsa luso la ojambulali kukhala masamu. Lamulo lotchuka limene limadziwika ndi dzina lake tingalione ndi waya womwe uja. Tiupinde ukhale wa ngodya zitatu, tiugwire mopendeka pansi pa nyali, popanda mbali yogona molingana ndi simenti. Tikatalikitsa mbali iliyonse mpaka ikagunde pansi, ikagunda pa mzere wa mthunzi wake womwe, ndipo malo atatu ogundawo adzandandalika pa mzere umodzi wowongoka. Ntchito ya Desargues idaiwalika kwa zaka zambiri mpaka Jean-Victor Poncelet, msilikali wa Napoleon amene adagwidwa ukaidi ku Saratov m'dziko la Russia, adaiganiziranso ali m'ndende n'kutulutsa buku lake mu 1822. Mu 1872 Felix Klein, ali ku Erlangen, adaonetsa kuti mitundu ya jometiri imasiyana malinga ndi zimene zimatsala chinthu chikasinthidwa, ndipo kuti jometiri ya Euclid ili ngati chipinda chimodzi m'nyumba yaikulu ya jometiri ya mithunzi.

3.0 Mmene Idafikira ku Pulayimale

Amene adatsegula khomo la pulayimale sadali mphunzitsi wa masamu. Mu 1948 Jean Piaget ndi Bärbel Inhelder a ku Geneva adatulutsa buku lofotokoza mmene mwana amadziwira malo ndi maonekedwe a zinthu. Iwo adati mwana amayamba ndi kuzindikira zam'kati ndi zakunja, zotseka ndi zotseguka, zogundana ndi zotalikirana. Kuzindikira mmene chinthu chimaonekera kuchokera mbali zosiyanasiyana, ndiponso nzeru za miyeso, zimakula pambuyo pake. M'mayeso awo odziwika kwambiri, mwana ankakhala patsogolo pa timapiri titatu toumba, chidole chili mbali ina, ndipo ankafunsidwa kusankha chithunzi cha zimene chidolecho chikuona. Ana aang'ono ankasankha chithunzi cha zimene iwo eni akuona. Okonza maphunziro adatolapo phunziro lakuti sukulu imayambira kumapeto: imathamangira miyeso ya Euclid n'kudumpha zimene mwana amayamba kuzidziwa.

Ganizoli lidapeza mphepo yolikankha. Dziko la Soviet Union litaponya Sputnik m'mlengalenga mu 1957, maiko a azungu adachita mantha kuti atsalira pa sayansi. Pa msonkhano wa ku Royaumont m'dziko la France mu 1959, katswiri wa masamu Jean Dieudonné adanena poyera kuti Euclid achoke m'masukulu. Apa ndi pamene padabadwira chimene chidatchedwa masamu atsopano. Zoltan Dienes, amene ankaphunzitsa masamu kudzera m'masewera, adalemba pamodzi ndi E. W. Golding mabuku a aphunzitsi a ana aang'ono m'zaka za m'ma 1960, momwe mudali ntchito za mithunzi ndi za zinthu zokokedwa ndi kupindidwa. Ku Netherlands, bungwe limene Hans Freudenthal adayambitsa ku Utrecht mu 1971 lidaika m'masamu a pulayimale maphunziro a mizere ya kapenyedwe ndi a mithunzi, moti ana ankafunsidwa kuti wojambula chithunzi adaima pati, kapena kuti munthu wobisala kuseri kwa khoma angaonedwe kuchokera kuti.

Ku Africa masamu atsopano adalowera ku Entebbe m'dziko la Uganda. Kuyambira mu 1962 akatswiri a ku America, a ku Britain ndi a mu Africa ankakumana chaka ndi chaka kulemba mabuku, motsogozedwa ndi W. T. Martin wa ku Massachusetts Institute of Technology, ndi ndalama za boma la America ndi za Ford Foundation. Mwa Aafirika amene adagwira nawo ntchitoyi mudali Grace Alele-Williams wa ku Nigeria. Maiko khumi olankhula Chingerezi adatengapo mbali, ndipo Zambia ndi Malawi adali m'gululo. Chofunika kuchisunga m'mutu n'chakuti mabuku a ku Entebbe adalembedwa m'Chingerezi.

Zimene zidafala kuchokera m'masamu atsopano ndi maseti, kuwerenga m'magulu osakhala a khumi, ndi mizere yotseka ndi yotseguka. Zimenezi zimatheka ndi choko ndi bolodi. Ntchito za mithunzi zimafuna nyali, waya, bwalo, nthawi, ndiponso kukambirana kwakutali pakati pa mphunzitsi ndi ana, ndipo sizidakhazikike ngati mutu pawokha. Posakhalitsa masamu atsopano onse adayamba kudzudzulidwa. Morris Kline adawatsutsa m'buku lake la 1973, Nigeria idawathetsa mu 1977, ndipo Kenya idatsatira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Jometiri ya ku pulayimale idatsala ya maina a mashepu, ngodya ndi miyeso.

4.0 Kafukufuku wa mu Lusaka

Pamene mabuku a ku Entebbe ankalembedwa n'kuti mbiri ina itafala kale pakati pa akatswiri. Mu 1960 William Hudson, amene ankagwira ntchito ku Johannesburg, adafalitsa zotsatira za mayeso ake a zithunzi. Pa chithunzi chake chodziwika padali mlenje atakweza mkondo, gwape ali chapafupi, ndi njovu yojambulidwa yaing'ono pa kaphiri chapakati, kusonyeza kuti ili kutali. Woyesedwa ankafunsidwa kuti mlenje akulasa chiyani, ndiponso kuti chili pafupi ndi mlenje n'chiti. Amene wayankha kuti njovu ankawerengedwa kuti amaona chithunzi ngati chinthu chafulati, chopanda kutsogolo ndi kumbuyo. Aafirika ambiri, makamaka amene sadapite kusukulu, adagwera m'gulu limeneli. Zizindikiro zimene Hudson adagwiritsa ntchito, monga kuchepa kwa chinthu chakutali, kutchingana kwa zinthu ndi kupanikizika kwa msewu, ndi zomwe zija za Alberti. Tanthauzo lake kwa okonza maphunziro lidali lolemera: ngati mwana sangaone kuti njovu ili kutali, kumuphunzitsa jometiri ya mithunzi n'kutaya nthawi.

Funsoli lidafika ku Lusaka. Bungwe lakale lofufuza za chikhalidwe la Rhodes-Livingstone Institute lidalowa pansi pa Yunivesite ya Zambia, imene idatsegulidwa mu 1966, ndipo mkati mwake mudakhazikitsidwa nthambi yofufuza za kakulidwe ka munthu. Kumeneko Jan Deregowski adabwereza mayeso a Hudson pa anyamata a sukulu ndi pa antchito a m'nyumba a mu Lusaka, koma adawonjeza mayeso ena. Adawaonetsa chojambula cha masikweya awiri, ina kumbuyo kwa inzake, olumikizidwa ndi ndodo imodzi, n'kuwapatsa timitengo ndi dongo kuti amange chimene akuona. Zotsatira zake, zimene zidafalitsidwa mu 1968, zidaonetsa kuti ambiri mwa amene adalephera chithunzi cha mlenje adamanga chinthu choimirira, chokhala ndi kutsogolo ndi kumbuyo. Munthu yemweyo amene pafunso la pakamwa adaoneka ngati saona kuya kwa chithunzi, atapatsidwa chogwira m'manja adakuona.

Robert Serpell, amene adabwera ku Zambia mu 1965 ndipo pambuyo pake adakhala mkulu wa yunivesiteyo kuyambira 2003 mpaka 2006, adapitiriza njira imeneyi. Iye adaona chimene aliyense woyenda m'komboni amachiona: anyamata akukoka galimoto za waya zopanga okha, zokhala ndi chiwongolero, mawilo ozungulira ndi mbali zolingana. M'kafukufuku amene adafalitsidwa mu 1979 adayerekeza ana a mabanja osauka a mu Lusaka ndi anzawo a ku Manchester ku England. Ana onse adapatsidwa zifanizo zoti atengere m'njira zingapo: kujambula ndi pensulo, kupinda waya, kuumba ndi dongo, ndi kutsanzira kaikidwe ka manja. Pojambula ndi pensulo ana a ku Manchester adapambana. Popinda waya adapambana ndi ana a ku Lusaka. Pa dongo ndi pa manja, zimene magulu onse adazizolowera, panalibe kusiyana kwenikweni. Patapita zaka, Serpell ndi Ravinder Kathuria adakhazikitsa mayeso a dongo otchedwa Panga Munthu, amene miyeso yake idafalitsidwa mu 1998.

Phunziro lake kwa ife n'loonekeratu. Galimoto ya waya ndi chinthu cha mizere yokhayokha: wopangayo wachotsa malata, utoto ndi magalasi n'kusiya m'mphepete ndi mokumanira mizere, zimene ndi zomwe jometiri ya mithunzi imasamala. Waya ndiyenso chipangizo chabwino koposa choponyera mithunzi. Mwana wa ku Chainda kapena ku Mtendere adali nacho m'manja chipangizo chimene aphunzitsi a ku Ulaya ankachita kugula, koma sukulu idamulandira ndi pepala ndi pensulo, zimene kwawo zidali zosowa.

5.0 Chiyankhulo Chophunzitsira

Chipangizo chachiwiri chimene mwanayu adalandidwa pakhomo la kalasi ndi chiyankhulo. M'nthawi ya atsamunda, kuyambira mu 1927, Chinyanja, Chibemba, Chitonga ndi Chilozi zinkagwiritsidwa ntchito m'makalasi oyambirira. Ufulu utabwera mu 1964, boma, limene nduna yake yoyamba ya maphunziro idali John Mwanakatwe, lidasankha Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira kuyambira Giredi 1, ndipo lamulo la maphunziro la 1966 lidatsimikiza zimenezi. Zifukwa zake zidali zomveka pa nthawiyo: kugwirizanitsa mitundu yambiri, kulola mphunzitsi kugwira ntchito m'chigawo chilichonse, ndi kuthandiza ana a m'matauni momwe mitundu idasakanikirana. Koma zotsatira zake n'zakuti masamu atsopano ndi Chingerezi zidalowa m'kalasi nthawi imodzi.

Kuwerengera kumatheka ndi mawu ochepa, ndipo mwana akhoza kuloweza matebulo m'chiyankhulo chimene sakuchimva. Phunziro la mithunzi silitero. Limafuna kuti mwana anene chimene akuona, mnzake amutsutse, asinthane malo, ayesenso. M'kalasi momwe ana akungobwereza mokuwa mawu a mphunzitsi, phunziro lotere limafa lisadabadwe. Chikalata chokonzekera kusintha maphunziro cha 1976 chidapempha kuti ziyankhulo za m'dziko zibwerere m'makalasi oyambirira, koma chikalata chomaliza cha 1977 chidasunga Chingerezi, n'kungolola mphunzitsi kumasulira pamene ana asokonezeka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 Eddie Williams adayerekeza ana a ku Malawi, amene ankaphunzira m'Chichewa m'makalasi anayi oyamba, ndi a ku Zambia. Adapeza kuti pa Chingerezi sankasiyana kwenikweni, pamene pa kuwerenga chiyankhulo chakwawo Amalawi adali patsogolo kwambiri.

Ndondomeko ya 1996 yotchedwa Educating Our Future idatsegula njira yoti ana ayambe kuwerenga m'chiyankhulo chodziwika. Mu 2014 ziyankhulo zisanu ndi ziwiri za m'zigawo zidakhala zophunzitsira kuyambira Giredi 1 mpaka 4, ndipo Lusaka idapatsidwa Chinyanja. Ndondomeko ya 2023, imene idayamba kugwira ntchito mu 2025, idabwezera Chingerezi pampando umenewu, ziyankhulo za m'dziko n'kutsala zothandizira pofotokoza. Nako ku Malawi lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kuyambira Sitandade 1.

Ngakhale m'zaka zimene Chinyanja chidali chophunzitsira, mu Lusaka mudali vuto lina limene ife a ziyankhulo tiyenera kulivomereza. Chinyanja cha m'mabuku chimatsamira pa Chichewa cha kuchigawo cha kum'mawa, pamene mwana wa ku Chainda amati manzi osati madzi, manje osati tsopano, nifuna osati ndifuna. Chiyankhulo chake chatola mawu ku Chinsenga, ku Chibemba ndi ku Chingerezi. Buku lolembedwa m'Chichewa chozama likhoza kukhala lachilendo kwa iye, ngakhale kuti silingafike pa Chingerezi.

6.0 Zimene Chiyankhulo Chili Nazo Kale

Anthu ambiri amati ziyankhulo zathu zilibe mawu a masamu. Mercy Kazima wa ku Yunivesite ya Malawi adaonetsa mu 2008 kuti pamene Tanzania idayesa kupanga mawu a masamu kuchokera m'Chiswahili, Malawi idatsata njira yobwereka mawu a Chingerezi n'kuwalemba m'kalembedwe ka Chichewa. Kubwereka si kulakwa, ndipo m'nkhani ino tabwereka sikweya ndi jometiri. Koma mawu obwereka amangopereka dzina, safotokoza ganizo. Pa jometiri ya mithunzi chiyankhulo chathu chili ndi zambiri kuposa maina, ndipo titchulapo zinayi.

Choyamba ndi tsinde la -thunzi. M'gulu la maina la mu-mi- limatipatsa mthunzi, m'gulu la chi-zi- limatipatsa chithunzi, ndipo likabwerezedwa limatipatsa chithunzithunzi, mdima wa munthu umene umamutsata padzuwa. Pamene makolo athu adaona zojambula za kamera, adazitcha ndi tsinde la mthunzi. Ganizo lakuti chojambula ndi mthunzi ndi chinthu chimodzi ndilo phata la ntchito ya Desargues ndi Poncelet. Mwana wolankhula Chingerezi ayenera kuuzidwa zimenezi, chifukwa mawu ake awiri a mthunzi ndi chithunzi sagwirizana konse. Mwana wolankhula Chinyanja amalitchula ganizoli tsiku ndi tsiku.

Chachiwiri ndi magulu a maina osonyeza malo, pa-, ku- ndi mu-. Timati kadontho kali pa mzere, mzere ukuloza ku khomo, mwala uli m'bwalo. Kukhala pa chinthu, kulunjika ku chinthu ndi kukhala m'kati mwa chinthu ndi maganizo atatu osiyana m'masamu, ndipo galamala yathu imakakamiza wolankhula kusankha limodzi nthawi iliyonse. Kusankhako kumayenderera mpaka ku mneni ndi kwa alozi: pano, kuno, muno; apo, uko, umo; paja, kuja, muja.

Chachitatu ndi mawu amene tanthauzo lake limadalira pamene woona waima. Chitsanzo chabwino ndi kuseri. Palibe malo amene ali kuseri mwa iwo okha; malo amakhala kuseri kwa chinthu malinga ndi diso la munthu wina, ndipo munthuyo akasuntha kuseri nako kumasuntha. Ana amene amasewera chibisalirano m'tinjira ta pakati pa nyumba za m'komboni amadziwa bwino kuti kuseri kwa wofunafuna si kuseri kwa wobisala. Limeneli ndi funso lomwe lija la chidole cha Piaget. Ndipo ku Edinburgh, Martin Hughes atasintha mayesowo kukhala sewero lobisa kamnyamata kuti apolisi asakaone, ana ambiri a zaka zosakwana zisanu adakhoza, monga adalembera Margaret Donaldson mu 1978. Pamodzi ndi kuseri pali kutsidya, kutchinga, kuphimba ndi kusuzumira.

Chachinayi ndi mawu a amisiri. Womanga nyumba amakoka chingwe, amatsinzina diso limodzi n'kuyang'ana ngati njerwa zawongoka. Kalipentala amakweza thabwa kufika padiso kuti aone ngati lapindika. Onsewa amadziwa kuti zinthu zitatu zili pa mzere umodzi ngati choyamba chikuphimba zinzake. Mawu awo ndi kuwongoka, kulunjika, kupendeka, kupingasa, kulingana. M'komboni momwe nyumba zambiri zimamangidwa ndi eni ake pang'onopang'ono, mwana amawamva mawuwa asadayambe sukulu.

Sitikunena kuti kukhala ndi mawuwa n'kudziwa masamu. Mwana amene amati kuseri sadziwa lamulo la Desargues, monganso wopanga galimoto ya waya sadziwa chifukwa chimene mthunzi wa wilo umawulungikira. Masamu amayamba pamene mawu a tsiku ndi tsiku apatsidwa malire, pamene kuwongoka kwasiyanitsidwa ndi kulunjika, ndipo mthunzi wa dzuwa wasiyanitsidwa ndi wa kandulo. Kuika malire otere ndi ntchito imene mphunzitsi wa masamu sangaithe yekha. Ikufuna wodziwa chiyankhulo.

7.0 Mawu Omaliza

Mbiri imene tatsatayi ikutionetsa kuti jometiri ya mithunzi idadutsa pafupi ndi ana a m'makomboni a Lusaka koma sidawapeze. Idabwera itakulungidwa m'masamu atsopano, m'mabuku a Chingerezi, pa nthawi imene mayeso a papepala ankati anawo saona kuya kwa chithunzi. Deregowski ndi Serpell adaonetsa kuti kusintha chipangizo kumasintha zotsatira. Ife taonjezapo kuti chiyankhulo cha anawo chidali kale ndi mawu ndi galamala zoyenera phunziroli.

Ntchito imene yatsalira madipatimenti a ziyankhulo ndi yodziwika. Pakufunika kutolera mawu a malo ndi a kapenyedwe monga momwe ana a ku Chainda, Kanyama, Matero, Chawama ndi George amawanenera, osati monga momwe tikufunira kuti aziwanenera. Pakufunika kukhala pansi ndi aphunzitsi a masamu n'kugwirizana malire a liwu lililonse. Pakufunikanso kugwirizanitsa ntchitoyi mbali zonse za malire a maiko, kuti Lusaka, Chipata, Zomba ndi Tete asapange mawu anayi a chinthu chimodzi. Ndondomeko zimene zabwezera Chingerezi m'makalasi oyambirira sizikuchepetsa kufunika kwa ntchitoyi. Malinga ngati mphunzitsi akuloledwa kufotokoza m'chiyankhulo cha ana, kufotokozako kudzachitika, ndipo funso n'lakuti kudzachitika ndi mawu okonzedwa bwino kapena ongotola pamenepo.

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Mwana amene waphunzira ali wamng'ono kufunsa kuti chasintha n'chiyani ndipo chatsala n'chiyani wagwira funso limene Klein adaliika pakati pa jometiri yonse. Kuti alifunse safunika labotale. Akufunika waya, dzuwa la m'mawa, khoma la kalasi, ndi mphunzitsi womulola kunena zimene akuona m'mawu amene iye amawadziwa.